Dzina la chikho cha NASCAR: kuligulitsa kwa kampani imodzi kapena kulisunga?

Madalaivala atatu okha ndi omwe anakhalapo akatswiri a mpikisano waukulu wa magalimoto wa NASCAR maulendo 7 aliyense: Richard Petty, Dale Earnhardt ndi Jimmie Johnson. Koma mutati mundandalike zikho zawo zonse pamalo amodzi, mungayese kuti anthuwa ankapikisana m'maligi osiyanasiyana. Ziwiri zoyamba za Petty, cha 1964 ndi cha 1967, ndi za Grand National, ndipo zisanu zotsatira ndi za Winston Cup. Za Earnhardt zonse ndi za Winston Cup. Za Johnson, ziwiri ndi za Nextel Cup, zisanu ndi za Sprint Cup. Mpikisanotu ndi womwewo. Chomwe chinkasintha ndi kampani yomwe yagula dzina.

NASCAR ndi bungwe lomwe Bill France Sr. anakhazikitsa mu 1948 ku Daytona Beach, m'chigawo cha Florida ku America, ndipo mpaka pano lili m'manja mwa banja lake. Magalimoto ake amapangidwa kuti kunjaku azifanana ndi a pamsewu, a Chevrolet, Ford ndi Toyota, ngakhale kuti mkati mwake ndi makina a liwiro basi. Mipikisano yowerengera mapointi imakhala 36 pachaka, kuyambira February mpaka November, ndipo yambiri imachitikira pa mabwalo ozungulira ngati dzira. Kuchokera mu 1971, bungweli layesapo njira zinayi zogulitsira dzina la ligi yake yaikulu. Poziyerekeza, ndalama si muyeso wokhawo. Tiyenera kufunsanso kuti kampaniyo inagwira ntchito yanji pabwalo, matimu inawathandiza kapena inawatsekera zitseko, ndiponso kuti itachoka inasiya chiyani.

Njira yoyamba: Winston, zaka 33

Nkhaniyi inayamba ndi lamulo. Boma la America linaletsa kutsatsa ndudu pa wailesi ndi pa kanema kuyambira mu January 1971, ndipo kampani ya fodya ya R.J. Reynolds, ya mumzinda wa Winston-Salem ku North Carolina, inatsala ndi ndalama zankhaninkhani zotsatsira malonda koma yopanda kozipititsa. Nthawi yomweyo Junior Johnson, yemwe paunyamata wake ankazembetsa kachasu wa chimanga m'misewu ya kumapiri asanakhale dalaivala wotchuka ndiponso mwini timu, anapita kukampaniyo kukapempha thandizo la galimoto yake. Atamva kukula kwa ndalama zomwe akuluakulu a kampaniyo ankafuna kugwiritsa ntchito, anaona kuti zaposa timu imodzi, ndipo anawalozera kwa Bill France. Munthu wina akanangotenga gawo lake n'kukhala chete. Iye anapereka mwayiwo kwa ligi yonse.

R.J. Reynolds sinangomata dzina la ndudu zake za Winston pa chikho n'kumadikira phindu. Inalowa m'kati mwenimweni mwa masewerowa. Mu 1971 panali mipikisano 48, yambiri pa timabwalo ting'onoting'ono ta kumidzi. Pofika 1972 inatsala 31, yaikulu yokhayokha, ndipo chaka chimenechi ndicho NASCAR imawerengera ngati chiyambi cha nyengo yake yamakono. Kampaniyo inaika ndalama zoti madalaivala azigawana kumapeto kwa chaka malinga ndi mapointi, zomwe zinachititsa kuti ukatswiri wa chaka chonse ukhale chinthu cholimbirana, osati kungopambana mpikisano umodzi wa ndalama zambiri n'kukapuma. Inkatumiza penti yofiira ndi yoyera kumabwalo kuti apake makoma. Mu 1981 mwambo wopereka mphoto unasamukira ku hotela ya Waldorf-Astoria ku New York, kutali ndi kummwera komwe masewerowa anabadwira, ndi cholinga choti eni makampani akuluakulu awaone madalaivala atavala masuti.

Mu 1985 anabweretsa Winston Million: madola 1 miliyoni kwa dalaivala amene angapambane mipikisano itatu mwa inayi yolemekezeka kwambiri m'chaka chimodzi. Bill Elliott anapambana Daytona 500, mpikisano wotchuka kwambiri wa NASCAR, n'kupambananso ku Talladega, kenako n'kumaliza ntchitoyo pa Southern 500 ku Darlington, chaka choyamba chomwecho. Dzina lake linamveka ngakhale kwa anthu omwe sanaonerepo mpikisano wa magalimoto. Panadutsa zaka 12 kuti wina achitenso zomwezo, Jeff Gordon mu 1997.

Kuzama kwa dzinali mungakuone ku North Wilkesboro, bwalo lakale lomwe NASCAR inalisiya mu 1996. Kwa zaka zambiri udzu unkamera m'ming'alu ya phula, mipando ikuchita dzimbiri, koma zilembo zofiira za Winston Cup zinali zikadali pakhoma, zitazilala ndi dzuwa. Pomwe ankalikonza kuti lichititse mpikisano wa All-Star, wosawerengera mapointi, mu 2023, zikwangwani zakalezo sanazifafanize, chifukwa ndizo zomwe anthu ankafuna kudzaona. Ochemerera achikulire ambiri mpaka lero amangoti Winston Cup, ngakhale kuti dzinali linachoka mu 2003.

Apa ndipo pali bala la njira imeneyi, ndipo sindikufuna kulichepetsa. Ndudu zimapha anthu, ndipo kwa zaka 33 dzina la ndudu linali pakamwa pa mabanja omwe ankapita kubwalo ndi ana awo. Ngakhale pa nkhani ya malonda yokha, dzinali linkamanga NASCAR miyendo, chifukwa silinkayenera kuoneka pa zoseweretsa za ana. Mgwirizano wa 1998 pakati pa makampani a fodya ndi zigawo 46 za America unalola kampani iliyonse kuika dzina la ndudu pa masewero amodzi okha; R.J. Reynolds inasankha NASCAR n'kusiya mpikisano wa NHRA, wa magalimoto othamanga pa mtunda waufupi wowongoka, kumapeto kwa 2001, koma patapita zaka ziwiri inachokanso. Kuyambira 2010 malamulo a dzikolo salolanso dzina la ndudu pa masewero alionse. Choncho njirayi tikhoza kutengapo phunziro, koma yatsekeka. Changu cha Winston chinachokera poti inalibe kwina kotsatsira malonda ake, ndipo kampani ina iliyonse lero ili ndi kanema, intaneti ndi mafoni.

Njira yachiwiri: Nextel ndi Sprint, ndalama zambiri ndi chitseko chotseka

Matt Kenseth anatenga Winston Cup yomaliza mu 2003 atapambana mpikisano umodzi wokha chaka chonse. Chaka chotsatira zinthu ziwiri zinasintha limodzi. Dzina linakhala Nextel Cup, pa mgwirizano wa zaka 10 womwe atolankhani ankati unali wa madola pafupifupi 750 miliyoni, ndipo Brian France, mdzukulu wa woyambitsa bungweli, anabweretsa Chase, dongosolo loti ukatswiri uzilimbiranidwa mwapadera m'mipikisano 10 yomaliza. Kurt Busch anapambana ndi mapointi 8 okha pamwamba pa Jimmie Johnson. Kwa ochemerera akale zinali ngati wabwera kunyumba n'kupeza asintha loko ndi mtundu wa penti tsiku limodzi: kufiira kwachoka, kwabwera chikasu, ndiponso kawerengedwe ka mapointi si kaja unakazolowera. Ambiri mkwiyo wawo wa pa Chase anaupititsa pa dzina latsopanolo.

Pa ndalama, palibe njira ina yomwe yafikapo apa. Kampani ya mafoni inalinso yomasuka kutsatsa ligi pa kanema ndi kwa achinyamata, zomwe Winston sinkatha. Inabweretsa kachipangizo ka m'manja kotchedwa FanView, koti munthu ali pampando kubwalo azimva dalaivala akulankhulana ndi timu yake, kwinaku akuona zomwe makamera a m'galimoto akuonetsa. Chimenechi chinali chinthu chenicheni chomwe wochemerera ankachigwira m'manja.

Koma mavuto awiri anaonekera msanga. Loyamba, dzina la ligi linakhala pa chifundo cha zochitika za m'maofesi a eni masheya. Mu 2005 Sprint, kampani inanso ya mafoni, inalumikizana ndi Nextel, ndipo mu 2008 chikho chinasinthanso dzina kukhala Sprint Cup, NASCAR isanalakwe kanthu. Johnson anatenga ukatswiri zaka zisanu zotsatizana, 2006 mpaka 2010, koma m'mabuku mndandanda wodabwitsawu uli pansi pa mayina awiri.

Vuto lachiwiri ndilo limandipweteka kwambiri, chifukwa linagwera matimu. Wogula dzina pa mtengo wotere amafuna kuti opikisana naye pa malonda asaoneke pabwalo. Makampani a mafoni omwe analipo kale, Cingular pa galimoto nambala 31 ya Jeff Burton ndi Alltel pa nambala 12 ya Ryan Newman, analoledwa kukhala, pokhapokha asasinthe dzina. Mu 2007 Cingular inasanduka AT&T, ndipo nkhani inakathera kukhoti. Khoti loyamba linalola chizindikiro cha AT&T pa galimotoyo, khoti la apilo linagwetsa chigamulocho mu August, ndipo pa mpikisano wa usiku ku Bristol mwezi womwewo galimoto ya Burton inalowa m'bwalo ndi penti yake ya olenji ndi yakuda, pa boneti popanda dzina la kampani yomwe inkalipira mabilu a timuyo. Taganizani: kampani ili ndi ndalama m'manja, ikufuna kuzipereka kwa timu ya Richard Childress, mwini wa galimoto ya Burton, koma ligi yomwe timuyo ikuthamangamo ikukana. Anagwirizana kuti AT&T ikhale mpaka kumapeto kwa 2008, kenako inachoka. Verizon itagula Alltel, nayonso sinaloledwe kuika dzina lake pa galimoto nambala 12 ija, ya timu ya Penske, mu ligi yaikulu.

Galimoto ya NASCAR imayenda ndi ndalama za mayina omatidwa pa iyo. Makaniko, matayala, mainjini, malole onyamula magalimoto kuchoka ku North Carolina kupita ku California, zonsezi zimadalira kwambiri kampani yomwe ili pa boneti. Kutsekera kunja makampani onse a mafoni, omwe ali m'gulu la owononga ndalama zambiri pa kutsatsa malonda ku America, kunali kutenga nsima m'mbale ya matimu n'kuika m'mbale ya bungwe. Mtengo umenewu sunalembedwe m'mitu ya nkhani yotamanda madola 750 miliyoni aja.

Sprint inawonjezera mgwirizano mpaka 2016, koma mu December 2014 inalengeza kuti sipitiriza. Lero dzina la Sprint lenilenilo kulibe, linamezedwa ndi T-Mobile mu 2020. Zikho 13 za ligi yaikulu zili ndi mayina a makampani awiri omwe onse anazimiririka.

Njira yachitatu: Monster Energy, mgwirizano waufupi

NASCAR inali ndi zaka ziwiri zathunthu zofunira wolowa m'malo mwa Sprint, koma inalengeza Monster Energy pa 1 December 2016, kutatsala miyezi yosakwana itatu kuti Daytona 500 ichitike. Kuchedwaku kukusonyeza momwe msika unalili. Owonera pa kanema anali atatsika poyerekeza ndi zaka za m'ma 2005, ndipo mabwalo ena ankachotsa mipando kuti malo opanda anthu asamaoneke. Mgwirizanowo unali wa zaka ziwiri, malipoti ankati wa madola pafupifupi 20 miliyoni pachaka, ndipo mu 2018 unawonjezeredwa chaka chimodzi. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Bungweli linatenga zomwe zinalipo, ndipo sindilidzudzula pa zimenezo.

Chiyembekezo chinali choti kampani ya zakumwa zopatsa mphamvu, yodziwika pa mipikisano ya njinga zamoto, ikoka achinyamata. Inayesetsa ndi zionetsero zake kunja kwa mabwalo, koma zaka zitatu sizikwanira kuti dzina lilowe m'kamwa mwa anthu, makamaka lalitali ngati Monster Energy NASCAR Cup Series. Martin Truex Jr., Joey Logano ndi Kyle Busch ndiwo anatenga zikho zitatuzo. Kukula kwa njala ya nthawi imeneyo kukuoneka pa timu ya Truex, Furniture Row Racing, yomwe inatenga ukatswiri mu 2017 n'kutseka zitseko kumapeto kwa 2018, kampani ina yomwe inkaithandiza itachoka. Pa njira zinayizi, iyi ndiyo yofooka kwambiri: umagulitsa dzina motchipa, umatsekerabe makampani ena a zakumwa zofanana, ndipo posakhalitsa umayambanso kusaka wina.

Njira yachinayi: dzina likhale la ligi, othandiza akhale angapo

Kuyambira 2020 ligiyi imangotchedwa NASCAR Cup Series, ndipo chikho chake ndi Bill France Cup. M'malo mwa kampani imodzi panabwera zinayi zotchedwa premier partners: mowa wa Busch, Coca-Cola, kampani ya inshulansi ya GEICO ndi Xfinity ya Comcast. Iliyonse imakhala ndi mipikisano ndi mphoto zomwe zili m'dzina lake, ndipo zizindikiro zawo zimaoneka pamabwalo ndi pa kanema, koma palibe yomwe ili mwini wa dzina la ligi. Amene amatsatira mpira wa ku England aizindikira njirayi, chifukwa Premier League nayo inasiya kugulitsa dzina lake mu 2016, itakhala ya Carling, Barclaycard ndi Barclays.

Woyamba kunyamula Bill France Cup anali Chase Elliott, mwana wa Bill Elliott uja wa Winston Million. Bambo ake anatenga ukatswiri mu 1988 pansi pa dzina la ndudu, iye mu 2020 pansi pa dzina la woyambitsa masewerowa. Chikho cha mwanayo sichidzafuna kuti wina afotokozere adzukulu kuti kampani yolembedwapo inali yogulitsa chiyani.

Njirayi inayesedwa pomwe GEICO inachoka kumapeto kwa 2024. Ndalama zinachepa ndithu, koma palibe chikwangwani cha ligi chomwe chinagwetsedwa, ndipo wochemerera wamba mwina sanazindikire n'komwe. Yerekezani ndi 2003 kapena 2016, pomwe kuchoka kwa kampani imodzi kunali nkhani ya chaka chonse.

Chomwe chapangitsa kuti NASCAR ithe kukana kugulitsa dzina ndi ndalama za kanema. Mgwirizano wa 2025 mpaka 2031 ndi Fox, NBC, Amazon Prime Video ndi TNT Sports, kuphatikizapo wa The CW woonetsa ligi yachiwiri, ndi wa madola 7.7 biliyoni, kutanthauza 1.1 biliyoni pachaka. Mukaika madola 20 miliyoni a Monster pambali pa chiwerengero chimenechi, muona kuti dzina la ligi linkagulitsidwa pa ndalama yosafika ngakhale magawo awiri pa 100 alionse a zomwe kanema akubweretsa tsopano. Mu 1971 zinthu sizinali choncho. Daytona 500 inayamba kuonetsedwa yonse pompopompo mu 1979, ndipo ndalama za Winston zinali mzati weniweni wa nyumbayo.

Kwa ligi yaikulu, ine ndimasankha njira yachinayiyi, ndipo chifukwa changa chachikulu ndi mbiri ya madalaivala. Earnhardt anafera pa kona yomaliza ya Daytona 500 mu 2001. Munthu amene amaika moyo wake pachiswe chotere ayenera kupambana chikho chomwe dzina lake silidalira kuti makampani awiri a mafoni agwirizana zotani. Komabe ndili ndi nkhawa imodzi yomwe sindinaichotse. Pomwe othandiza ali anayi, palibe amene amaona ligi ngati mwana wake. Winston inkatumiza penti chifukwa khoma lililonse lakuda linkanyozetsa dzina lake. Kampani yomwe ili imodzi mwa zinayi ikhoza kulipira ndalama zake, n'kuika chizindikiro, n'kumayang'ana kwina. Ntchito yonse yokopa anthu atsopano yabwerera kwa NASCAR yokha, ndipo zoyesa zake, monga mpikisano wa m'misewu ya Chicago womwe unayamba mu 2023, ziyenera kuweruzidwa ndi muyeso womwewo womwe timayezera Winston Million.

Nanga maligi aang'ono?

Apa yankho langa ndi losiyana, chifukwa maligi awiri apansi alibe chikoka cha ligi yaikulu, ndipo kampani yogula dzina ikadali yofunika. Ligi yachiwiri inali ya kampani ya mowa ya Anheuser-Busch kuyambira 1982 mpaka 2007, poyamba m'dzina la Budweiser kenako la Busch, n'kubwera kampani ya inshulansi ya Nationwide kuchokera 2008 mpaka 2014, Xfinity kuchokera 2015 mpaka 2025, ndi O'Reilly Auto Parts kuyambira 2026. Funso pano si loti agulitse dzina kapena ayi, koma kwa ndani ndiponso kwa zaka zingati. Busch inakhalitsa mpaka anthu anapanga mawu akuti Buschwhacker, onena madalaivala a ligi yaikulu omwe amatsikira m'ligi yachiwiri Loweruka kukalanda mphoto za anyamata. Dzina likafika pobala mawu ena m'chilankhulo cha ochemerera, ndiye kuti kampaniyo ndalama zake sizinapite pachabe. O'Reilly ili ndi mwayi womwe kampani ya inshulansi kapena ya intaneti inalibe, poti imagulitsa zipangizo za magalimoto, ndipo munthu woonera mpikisano Loweruka ndi yemweyo amene Lolemba amakagula mabuleki ndi oilo.

Ligi ya mapikapu ndiyo ikuonetsa mbali zonse ziwiri. Inayamba mu 1995 ndi Craftsman, dzina la masipanala ndi zida zina za m'galaja, ndipo inakhala nalo mpaka 2008. Camping World inatenga kuyambira 2009, koma eni ake anasintha dzina la ligi kukhala Gander Outdoors mu 2019, Gander RV & Outdoors mu 2020, n'kubwereranso ku Camping World mu 2021: mayina atatu m'zaka zitatu, pomwe wolipira anali mmodzi yemweyo, akungokankhira patsogolo sitolo yomwe akufuna kuti idziwike chaka chimenecho. Mu 2023 Craftsman inabwerera, ndipo ochemerera ambiri sanavutike kuzolowera, poti pa zaka 14 zonsezo ena mwa iwo anali asanasiye kuitchula choncho.